Chinthu chosatha kuima chokha: mmene ulusi unatsikira pakhoma n'kusanduka chosema

Tengani chingwe cha khonje chotalika ngati mkono wanu, muyese kuchiimika patebulo ngati kandulo. Chiwerama khosi n'kugwa musanachotse n'komwe dzanja. Tsopano chigwireni nsonga zonse ziwiri, mukoke ndi mphamvu zanu zonse. Cholobodoka chija chakukanikani kudula. Ulusi uliwonse ndi wotero, kaya ndi wa thonje, wa ubweya wa nkhosa, wa silika kapena wa nayiloni: ukakokedwa umalimba, ukakankhidwa umapinda. Mwala zake n'zina, muusenzetse katundu wolemera bwanji uli nji. N'chifukwa chake wosema mwala kapena mtengo sasowa tulo poganiza kuti chinthu chake chiima bwanji. Koma mmisiri amene wasankha ulusi, zingwe ndi nsalu kuti apange chinthu choti anthu azichizungulira, kuchiyang'ana kumbuyo, mwinanso kulowa m'kati mwake, amayambira pa funso limenelo ndipo sachokapo moyo wake wonse.

Mawu oti chosema akutipinga pang'ono, poti apa palibe sompho kapena tchizulo, palibenso zipalapala zogwa pansi. Wosema amachotsa mpaka chimene akufuna chitatsala. Woluka amawonjezera, mfundo pamwamba pa mfundo. Komabe tiwagwiritsa ntchito mawuwo, chifukwa mkangano wonse wa zaka 60 zapitazi wagona pomwepo: kodi chinthu cholukidwa chingakhale m'chipinda chimodzi ndi ziboliboli za mwala ndi za mkuwa, n'kulemekezedwa mofanana nazo?

Ku Ulaya, kwa zaka mazana ambiri, nsalu yaulemu koposa inali ija yapakhoma yokhala ndi zithunzi, imene amaitcha tapestry. Kapangidwe kake kanali ka anthu awiri osiyana ulemerero. Wojambula ankajambula chithunzi chachikulu papepala, ndipo owomba nsalu ankachitsanzira ulusi ndi ulusi. Cha m'ma 1515, wojambula wa ku Italy Raphael anajambula zithunzi za nsalu zokapachika m'tchalitchi cha Sistine Chapel ku Rome, ndipo zinakawombedwa kutali ku Brussels, m'nyumba yogwirira ntchito ya Pieter van Aelst. Lero aliyense amati nsalu za Raphael. Manja amene anapinda msana pa chowombera kwa zaka sakumbukiridwa. Choipa china n'chakuti nsalu yabwino inali imene yabisa bwino kuti ndi nsalu, yoti munthu ataima patali aziyesa ndi penti.

Mmodzi mwa amene anayamba kukana zimenezi anali Anni Albers. Analowa sukulu ya zaluso ya Bauhaus ku Germany m'chaka cha 1922, ndipo ngakhale sukuluyo inkadzitama kuti sisankha mwamuna kapena mkazi, akazi ambiri ankangowalozera kuchipinda chowombera nsalu. Iye anapitako mtima usakufuna, koma anapezako nkhani ya moyo wake. Ankaphunzitsa kuti kukongola kwa nsalu kuzichokera m'kalukidwe, mmene ulusi woimirira ukupingasirana ndi ulusi wam'mbali, osati m'chithunzi chobwereka kwa wojambula. Aphunzitsi ake enieni ankati ndi owomba nsalu akale a ku Peru. M'chaka cha 1949 Museum of Modern Art, nyumba yosungiramo zaluso ya ku New York, inamukonzera chionetsero chayekha, koyamba kuchitira zotero mmisiri wa nsalu. Koma zake zinali zikadali zaphwatalala, zikadali zapakhoma.

Khomalo linasiyidwa ku Lausanne, ku Switzerland, ndipo choseketsa n'chakuti amene anatsegula chitseko sankafuna zimenezo. Jean Lurçat, wojambula wa ku France, ankafuna kutsitsimutsa tapestry yachikale ija, ndipo m'chaka cha 1962 iye ndi Pierre Pauli anayambitsa chionetsero chochitika zaka ziwiri zilizonse. Ankayembekezera nsalu zosalala zowombedwa mwaukatswiri motsatira zojambula. Zinabweradi. Koma kunabweranso amisiri a ku Poland ndi nsalu zokhakhala, zamabampu, za ulusi wonenepa ngati chala, zowombedwa ndi eniake popanda kutsanzira chojambula cha munthu wina. Pakati pawo panali mayi wa zaka 32, Magdalena Abakanowicz.

Pa mayi ameneyu tiime pang'ono, poti ndi pamene zinthu zinatembenukira. Poland ya nthawi imeneyo inali isanapole zilonda za nkhondo, zipangizo zinali zosowa, ndipo iye ankakhala m'kanyumba kopanikiza. Chowombera chachikulu anachita kubwereka kwa mayi wina wachikulire woomba nsalu, Maria Łaszkiewicz. Khonje ankalipeza potola zingwe zakutha za sitima zapamadzi. Ankazimasula, kuzichapa, kuzinyika mu utoto m'mapoto, kenako n'kuwomba. M'chaka cha 1965 analandira mendulo ya golide ku chionetsero chachikulu cha São Paulo ku Brazil, ndipo zaka zochepa zotsatira nsalu zake zinachokeratu pakhoma n'kukalendewera pakati pa chipinda. Anthu anasowa dzina loti azitchule, mpaka zinangotenga dzina la mwini wake: ma Abakan.

Abakan imodzi imatha kutalika mamita anayi kapena kuposa. Ina ndi yofiira ngati nyama yongosendedwa kumene, ina yakuda bii, ina yachikasu. Zimakhala ndi ming'alu, mapindo, milomo yotuluka kunja, ndi zingwe zolendewera ngati matumbo. Wina akaziona amati khungwa la mtengo waukulu, wina amati chikhoti cha chimphona, wina amachita manyazi poona thupi la mkazi. Zimanunkhira khonje. Mukadutsa pafupi zimagwedezeka pang'ono ndi mphepo ya thupi lanu, ndipo zina zili ndi mpata woti munthu n'kuloweramo n'kuima mumdima. Nanga chowombera nsalu, chimene chimangotulutsa chinthu chaphwatalala, chinabala bwanji zoterezi? Ankawomba zidutswa zosiyana maonekedwe, zina zozungulira, zina zosongoka, n'kuzisokerera pamodzi, ndipo pena ankabisa chitsulo chopinda kumtunda kuti chitambasule mapewa. Zotsalazo ankasiyira kulemera kwa khonje lenilenilo. Abakan mukaitsitsa pansi ndi mulu chabe wa chiguduli cholemera. Thupi lake limabwera ikapachikidwa.

Kupachika ndiye yankho loyamba pa funso lija, ndipo si laulesi ngati mmene likumvekera. Chingwe chomangidwa nsonga ziwiri chimagwa mwa njira imodzi yokha, imene mphamvu yokoka ya dziko yachilamula, ndipo njirayo ndi yolongosoka kwambiri moti m'zaka za m'ma 1670 wasayansi wa ku England Robert Hooke anazindikira kuti mukaitembenuza chadodolido mumapeza maonekedwe a khomo lokhota lolimba koposa. Antoni Gaudí, katswiri wa mapulani a nyumba wa ku Spain, ankakonza mapulani a tchalitchi china pafupi ndi Barcelona popachika zingwe zokhala ndi timatumba tolemera, n'kuyang'ana chithunzi chake mozondotsa. Choncho wopachika nsalu sakungokoleka chinthu pa msomali ayi. Akugawana ntchito ndi kulemera, iye n'kusankha pomangirira, kulemerako n'kumalizitsa.

Ku New York, Lenore Tawney anafika pafupi ndi pomwepo kudzera njira ina. Mmalo monenepetsa nsalu, iye anaiwondetsa. Ankasiya ulusi woimirira uli pamtunda osaupingasa, moti kuwala kunkadutsa, ndipo anasintha chipeso cha chowombera chake kuti nsalu izitha kufutukuka ndi kuchepa m'mimba ikamakwera. Zotuluka zake zinali zazitali, zowonda, zoyenera kupachikidwa patali ndi khoma kuti zizioneka mbali zonse. Zinaonetsedwa m'chaka cha 1963 pa chionetsero chotchedwa Woven Forms. Pambuyo pake anasiyiratu kuwomba pa zina mwa ntchito zake zazikulu: ankangomangirira zikwi za tizingwe pa chinsalu chotambasulidwa kudenga, tizingweto n'kumagwa ngati mvula yoima malo amodzi. Ankazitcha mitambo.

Koma alipo amene anafuna kuti ulusi uime ndithu ndi miyendo yake, ndipo kuti timvetse zimenezi tibwerere ku chingwe chathu chija. Chimasuleni kunsonga. Muona kuti chapangidwa ndi timagulu tiwiri kapena titatu, ndipo kagulu kalikonse kanapotedwa kulowera mbali imodzi, pomwe timagulu tonse pamodzi tinapotedwa kulowera mbali inayo. Kagulu kalikonse kakufuna kumasuka, koma pomasukapo kakukanikiza kanzake, ndiye onse agwirana. Tiulusi ta khonje patokha ndi tatifupi, palibe guluu wotilumikiza. Chotigwirizanitsa ndi kukhulana basi. Mfundo imapitiriza nzeru yomweyo. Mukamanga mfundo mumapanikiza ulusi pamalo amodzi mpaka usowe kopindikira, ndipo mfundo zikwizikwi zothithikana zimasanduka chinthu chokhoza kusenza katundu, ngati khoma la njerwa zofewa.

Claire Zeisler wa ku Chicago, amene anayamba ntchitoyi ali kale mayi wachikulire, anasiya chowombera m'zaka za m'ma 1960 n'kuyamba kumanga mfundo. Zake zimaima njo kumtunda kumene mfundo zathina, kenako zingwe zimamasuka n'kukhuthukira pansi ngati mathithi, moti m'chinthu chimodzi mumaona ulusi womvera ndi ulusi wosamvera. Koma amene ine ndimamuika patsogolo pa onse omanga mfundo ndi Mrinalini Mukherjee wa ku India, amene anabadwa mu 1949 n'kumwalira mu 2015. Ankagula zingwe wamba za ulusi wa zomera m'misika ya New Delhi, n'kuzinyika mu utoto wobiriwira modera, wofiirira, wa buluu wozama. Sankajambula pulani. Ankangoyamba kumanga, miyezi n'kumapita, chinthu n'kumakula mpaka kupitirira msinkhu wa munthu. Zotuluka zake ndi zamoyo zosadziwika mtundu, pena duwa, pena mulungu wa m'nkhalango, pena chiwalo chobisika, ndipo ankazipatsa mayina ochokera m'nthano ndi m'chipembedzo cha kwawo, monga Yakshi ndi Rudra. Zoyambirira zinkadalira chingwe chakudenga, koma zina za pambuyo pake zimaima zokha pansi. Luso lomwelo la mfundo ndi limene m'zaka za m'ma 1970 anthu ankalukira zopachikira miphika ya maluwa pakhonde, ndipo kufanana kumeneko kunamupweteka, poti ambiri ankangoti ndi zomwezija koma zazikulu. Chionetsero chake chachikulu ku nyumba yosungiramo zaluso ya Met Breuer ku New York chinachitika mu 2019, mwini wake atagona kale zaka zinayi.

Pali njira inanso imene aliyense amene analukapo chipewa amaidziwa ngakhale sanaiganizirepo. Mukamaluka mozungulira n'kumawonjezera maso pamlingo woyenera, chinthu chimakhala chaphwatalala ngati mbale. Mukachepetsa owonjezerawo chimapinda n'kukhala chipewa. Mukachulutsa, m'mphepete mumasowa malo ndipo mumayamba kuchita makwinya. Ndiye kuti thupi la chinthucho labisala m'chiwerengero cha maso. M'chaka cha 1997 Daina Taimina, katswiri wa masamu ku Cornell University, anagwiritsa ntchito zimenezi poluka ndi singano yangowe maonekedwe ena a masamu amene anzake ankavutika kuwapanga ndi mapepala. Mu 2005 amapasa awiri a ku Australia, Margaret ndi Christine Wertheim, anaona kuti makwinya omwewo ndi amene ali pa zamoyo za pansi pa nyanja zija zotchedwa coral, ndipo anayambitsa ntchito yoluka matanthwe athunthu a zamoyozo, imene anthu zikwi zambiri m'mayiko osiyanasiyana alukako.

Ruth Asawa anachita zofanana koma ndi waya. Anali wa ku America wa makolo a ku Japan, ndipo ali mtsikana anatsekeredwa mumsasa pamodzi ndi anthu a mtundu wake pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse. Mu 1947, ali ku Toluca ku Mexico, anaphunzira kwa mmisiri wina kalukidwe ka madengu a waya onyamulira mazira. Diso lake ndi limodzi lokha, longa chilembo cha e, lobwerezedwa kosaleka. Ndi diso limenelo ankaluka zinthu zolendewera zonga zipanda zolumikizana, china m'kati mwa chinzake, chakunja n'kupitirira kukhala cham'kati popanda poduka. Mumaona kunja ndi m'kati nthawi imodzi, ndipo chithunzithunzi chake pakhoma chimakhala ngati chosema chachiwiri. Olemba ena a m'zaka za m'ma 1950 ankazichepetsa kuti ndi ntchito zamanja za mayi wapanyumba. Anali ndi ana asanu ndi mmodzi, ndipo ankalukadi ana ali pambali, ngati kuti zimenezo zimachotsa kanthu pa chinthucho.

Apa tafika pa chilonda cha nkhaniyi. Mu 1969 Museum of Modern Art inakonza chionetsero cha amisiri a ulusiwa, ndipo dzina lake lokha, Wall Hangings, kutanthauza zopachika pakhoma, linawabwezera kumene ankathawa. Louise Bourgeois, wosema amene anakulira m'banja lokonza ma tapestry akale ku France, anachiona n'kunena kuti zambiri mwa izo sizinathe kudzimasula ku ntchito yokongoletsa. Mwina pa zina ankanena zoona. Koma taonani izi. M'zaka zomwezo Robert Morris ankadula zinsalu zokhuthala za felt, nsalu ya ulusi wongopanikizidwa pamodzi osawomba, n'kuzisiya zigwe pakhoma mmene zafunira, ndipo Eva Hesse mu 1970 ananyika zingwe mu labala wamadzi n'kuzipachika kudenga zili piringupiringu. Awiriwa palibe anawatcha oluka. Ankatchedwa osema, ndipo zawo zinkalowa m'mabuku a mbiri ya luso. Chingwe n'chimodzimodzi, kulemera n'komweko. Kusiyana kunali koti wina wachokera ku chowombera, ndipo amadziwa kuluka bwino. Kudziwa ntchito kunasanduka mlandu. Dzina loti luso la ulusi linakhala ngati khola: limakusunga, limakudyetsa, koma kutuluka ayi.

Abakanowicz anaona msanga zimenezi. M'zaka za m'ma 1970 anasiya kuwomba, n'kuyamba kuumba ndi ziguduli zakale zonyika mu utomoni wouma gwa. Ankaziyala pa chikombole cha thupi la munthu, zikauma n'kuzichotsa zili chigoba. Ntchito yake yotchedwa Backs, ya pakati pa 1976 ndi 1980, ndi misana 80 ya anthu opanda mitu, okhala pansi chowerama, m'kati muli mbee. Uku ndi kuumitsa nsalu kuti iime, yankho lina pa funso lathu, ngakhale wina angati pamenepo nsalu yagonja, yasanduka mtengo. Pomaliza anafika ku chitsulo chenicheni. Ku Grant Park ku Chicago kuli anthu ake achitsulo 106 opanda mitu, oikidwa mu 2006, koma khungu lawo likadali la makwinya ngati khungwa kapena chiguduli. Chionetsero cha ku Lausanne nacho chinatha mu 1995, anthu atachitaya mtima.

Amene sanachoke pa ulusi ndi Sheila Hicks, wobadwira ku Nebraska mu 1934, wophunzira wa wojambula Josef Albers, mwamuna wa Anni Albers uja, ku yunivesite ya Yale, amene anapita ku Chile mu 1957, n'kukhala ku Mexico, kenako n'kukhazikika ku Paris kuyambira 1964. Iye anapeza kuti chinthu chofewa chimathanso kuima pongounjikidwa. Amatenga mitolo ya ulusi wa bafuta, kuikulunga mothina m'malo ena ngati mchira wa tsitsi, n'kuisanja mulu. Pa chionetsero cha ku Venice cha 2017 anaunjika mabelo a ulusi wa mitundu yowala mpaka pafupi ndi denga kumapeto kwa chinyumba cha Arsenale, phiri lofewa loti munthu umalakalaka kulidumphira. Koma mulu ulibe maonekedwe amodzi. Ukapita ku mzinda wina umasanjidwa mwina. Ndiye chosemacho ndi chiti, cha dzulo kapena cha lero? Chiboliboli cha mwala chikatuluka m'bokosi chimakhala chomwe chinalowa. Cha ulusi chimayenera kubadwanso nthawi iliyonse, m'manja mwa anthu amene mwina sanakumanepo ndi mwini wake.

El Anatsui anatenga vuto limeneli n'kulisandutsa mfundo ya ntchito yake. Anabadwira ku Ghana mu 1944, ndipo anaphunzitsa kwa zaka zambiri ku yunivesite ya ku Nsukka ku Nigeria kuyambira 1975. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anatola thumba la zitsekerero za mabotolo a mowa, zija za aluminiyamu. Anayamba kuziphwanya kuti zikhale zaphwatalala, kuziboola, n'kuzilumikiza ndi waya wa kopa. Kachidutswa kalikonse ndi kolimba, koma polumikizira pamasewera, ndiye zikwi za tizidutswa zimapinda ndi kugwa ngati nsalu. Mulibe ulusi ngakhale umodzi, koma khalidwe lake ndi la nsalu ndithu, ndipo zimenezi zikutiuza kuti unsalu suli mu thonje koma m'kalumikizidwe. Iye amadzitcha wosema, ndipo sakondwa anthu akamangothamangira kufanizira ntchito zake ndi kente, nsalu zowomba za ku Ghana, ngakhale kuti m'banja lake munali owomba nsalu zimenezo. Zitsekererozo zili ndi nkhani yakeyake, ya mowa umene Azungu ankabwera nawo kudzasinthanitsa ku gombe la kumadzulo kwa Africa, mpaka pa malonda a akapolo. Chodabwitsa n'chakuti potumiza ntchito yake sapereka malangizo a kapachikidwe. Opachikawo apinde mmene aonera. Mu 2015 analandira mphoto ya Golden Lion pa chionetsero cha ku Venice, ndipo mu 2023 zinsalu zake zachitsulo zinadzaza Turbine Hall, chipinda chachikulu cha nyumba yosungiramo zaluso ya Tate Modern ku London. Tisabise, komabe, kuti zimalumikizidwa ndi anyamata ambiri ogwira ntchito kwa iye, pomwe dzina lapakhoma ndi limodzi. Funso la Raphael ndi owomba a ku Brussels lija silinafe, langovala malaya ena.

M'chipinda chomwecho cha Turbine Hall, chaka chimodzi m'mbuyo mwake, munalendewera ntchito ya Cecilia Vicuña wa ku Chile, yotalika mamita 27. Iye amatsatira quipu, zingwe za mfundo zimene anthu a ufumu wakale wa Inca ku South America ankasungira chiwerengero cha anthu, msonkho ndi katundu. Mtundu wa mfundo ndi malo ake pachingwe ndi zimene zinkanena nambala. Atsamunda a ku Spain anazikayikira, ndipo msonkhano wa mabishopu ku Lima mu 1583 unalamula kuti zokhudza chipembedzo chamakolo ziwonongedwe. Vicuña nthawi zambiri amagwiritsa ntchito ubweya wosapota. Kumbukirani zimene tinaona pomasula chingwe chija: chopanda kupotedwa chilibe chogwirizanitsa, mukachikoka chimangothothoka. Ndiye mizati yake yofiira ya ubweya, monga imene anaonetsa ku Athens mu 2017, ndi yaikulu ngati mitengo koma mwana angathe kuidula ndi manja. Kufookako ndiye nkhani yake, ya chikumbukiro cha anthu chimene chinatsala pang'ono kuduka.

Ena apita panja penipeni. Janet Echelman wa ku America anapita ku India mu 1997 kukajambula, penti wake n'kusafika, ndipo poyenda m'mphepete mwa nyanja ku Mahabalipuram anayamba kuyang'anitsitsa maukonde a asodzi. Lero maukonde ake amatambasulidwa pakati pa nyumba zosanja m'mizinda, olukidwa ndi ulusi wamakono wolimba kwambiri, ndipo amakonzedwa mothandizana ndi mainjiniya ndi makompyuta owerengera mphamvu ya mphepo. Wa ku Porto ku Portugal unaikidwa mu 2005. Ernesto Neto wa ku Brazil mu 2018 anaimika chimtengo cholukidwa ndi manja, cha mamita 20, m'kati mwa siteshoni ya sitima ku Zurich, choti anthu ankavula nsapato n'kukhala m'kati mwake.

Zaka khumi zapitazi zinthu zatembenuka moti nyumba zazikulu zosungiramo zaluso zikulimbirana zomwe kale zinkazinyoza. Tate Modern inaonetsa Anni Albers mu 2018 ndi ma Abakan mu 2022. N'zokondweretsa, koma kutchukaku kwabweretsanso zambiri zopanda mchere. Chipinda chodzaza ulusi wofiira chimatuluka bwino pa foni, ndipo alipo amene azindikira zimenezo kuposa china chilichonse. Si onse, inde. Chiharu Shiota wa ku Japan atamangirira makiyi akale zikwizikwi ku ukonde wa ulusi wofiira pamwamba pa mabwato awiri ku Venice mu 2015, ulusiwo unali pantchito, ukusenza kanthu, kiyi aliyense anali atatsekulapo khomo la munthu wina. Muyeso umene ine ndimagwiritsa ntchito ndi wosavuta. Ndimadzifunsa ngati chinthucho chikanatha kupangidwa ndi pulasitiki woumba osataya kanthu. Ngati chikanatha, ulusiwo ndi chovala chabe. Kwa Mukherjee kapena Asawa simungachotse mfundo n'kutsala ndi kanthu, poti mfundoyo ndiyo fupa, ndiyo mnofu, ndiyonso khungu.

Tsono pali anthu ena amene nkhaniyi imawasowetsa mtendere kuposa onse, ndiwo osamalira zinthu m'nyumba zosungiramo zaluso. Kulemera komwe kumapatsa Abakan thupi ndi komwenso kumaidya. Chaka ndi chaka ulusi wakumtunda umatamuka, khonje limauma n'kuyamba kuthothoka tizidutswa. Kuwala kumafwifwitsa utoto ndipo zikatero sizibwerera, n'chifukwa chake zipinda zoonetsera nsalu zimakhala zamdima, kawirikawiri pa mlingo wa 50 lux (lux ndi muyeso wa kuwala). Njenjete zimafuna ubweya, chinyezi chimabweretsa nkhungu, kuuma kwambiri kumaphwanya ulusi, fumbi limalowa m'maso a nsalu momwe simungalipukute. Zambiri zimaonetsedwa miyezi yochepa kenako n'kutsitsidwa kuti zikapume chogona. Ndipo chinthu chimene thupi lanu lonse likukuuzani kuti muchikhudze chimakhala ndi mlonda pambali woletsa kukhudza, poti mafuta a m'manja nawo amawononga. Labala wa zingwe za Eva Hesse wakhala akuuma ndi kuderako, moti kuzipachika kulikonse kumakhala kodetsa nkhawa.

Sheila Hicks anakumana nazo yekha akali moyo. Mu 1967 anapanga makoma awiri a nsalu m'nyumba ya Ford Foundation ku New York, okhala ndi timizeremizere ta zozungulira za mtundu wa uchi zosokedwa ndi manja. Patapita zaka, nsaluzo zinayamba kufumbutuka, ndipo mankhwala oteteza ku moto amene zinapakidwa ndi amene anathandizira kuziwononga. Panalibe zozigamba. Mayiyo, ali pafupi ndi zaka 80, anasonkhanitsa anthu omuthandiza n'kuyambiranso kuchokera pa chozungulira choyamba, ndipo mu 2014 makoma atsopano anakwezedwa pamalo pomwe panali akale aja.